Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zamsewu mu Lusaka: anyamata akulandira kiyi ya njinga asanaphunzire kuima

Kwa a Nduna ya zamayendedwe, akuluakulu a RTSA (bungwe loona za malaisensi ndi chitetezo cha pamsewu), a traffic a Zambia Police, ndi a khansolo ya Lusaka ku Civic Centre,

Muli bwanji akuluakulu. Ine ndine makanika wa njinga zamoto, ndili ndi kashedi ka malata ku Mtendere, kwathu ndi ku Katete koma mu Lusaka muno ndakhalitsa, ana anga onse anabadwira muno. Njinga ndinayamba kuyendetsa ndili mnyamata m'misewu ya fumbi ya kummawa, ndiye zomwe ndilembe pano sizongomva ayi, ndi zinthu zomwe zimafika pakhomo pa shedi yanga sabata ndi sabata, mahandulo opindika, thanki yobooka, nyali yosweka, nthawi zina magazi akadali pa mpando ndipo wobweretsa njingayo si amene anaikwera mmawa.

Ndiyambe ndi mwana wa mlongo wanga chifukwa ndi iyeyo wandigwiritsa foni usiku uno. Anabwera mu tauni mu 2024 chimanga chitapserera m'munda ndi chilala chija a Pulezidenti Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Anyamata ambiri akumudzi anabwera chaka chimenecho, aliyense kufuna kagwiridwe. Iyeyu anapeza bwana wina wokhala ndi njinga zingapo za delivery, Lachisanu anamupatsa kiyi ya Boxer, Loweruka ndi Sande mnzake anamuzungulitsa pa ground ya mpira kumuonetsa kilatchi ndi magiya, Mande mmawa anali kale mu Great East Road ndi bokosi kumsana ndi foni pa handulo. Ndinamuuza kuti iwe bwera kaye kwa ine sabata imodzi chabe ndikuphunzitse, anati amalume kashing'i, ndalama ya tsiku yopatsa abwana, siyembekeza, abwana akaona njinga yaima apatsa wina. Sabata yachitatu minibasi yomwe ankaipitirira chakumanzere inakhotera pambali kutola munthu, iye anagwira buleki yakutsogolo ndi mphamvu zonse ali pa mchenga wa m'mbali mwa tala, tayala linatsetsereka, helmeti yomwe sanamange lamba inauluka payokha, mutu unakagunda simenti ya ngalande. Ali moyo, tikuthokoza Mulungu. Koma mwendo uli ndi zitsulo, amalankhula mochedwa ngati akufunafuna mau, ndipo mlongo wanga amene ankayembekezera ka mobile money kamwezi ndi mwezi manje ndiye akugulitsa mbuzi kuti atumize za mankhwala. Kwathu malume ndiye mwini mbumba, ndiye mundimvetse ndikamati nkhaniyi imandidya mkati.

Chomwe ndikufuna mumve ndi chimodzi. Mnyamata uyu sanagwe chifukwa cha mowa, sanagwe chifukwa cha matama, anagwa chifukwa panalibe amene anamuphunzitsa kuima. Kuyendetsa njinga kuti ipite kutsogolo olo mwana wa Grade 7 angaphunzire madzulo amodzi. Kuimitsa njinga mwadzidzidzi osagwa, kudziwa pomwe dalaiva wa motoka sakukuona, kuwerenga msewu patsogolo, zimenezo ndiye ntchito yeniyeni, ndipo anyamata athu ambiri akuziphunzira ndi khungu lawo pa tala. Lamulo lilipo, Road Traffic Act ya 2002 yomwe inabala RTSA imafuna laisensi, ndipo malaisensi a njinga alipo awiri, A1 ya njinga zazing'ono zosaposa 125cc ndi A ya zazikulu. Koma pitani pa malo pomwe anyamata a mabokosi amadikira maoda ku East Park kapena ku Manda Hill, kapena pa makona a Kanyama, Chawama, Ng'ombe ndi Chipata compound pomwe njinga zikunyamula anthu ndi katundu, mufunse ndi angati amadziwa kuti Boxer 150 yomwe akwerayo ikufuna A osati A1. Boma amakumana nalo koyamba pa rodibuloko, atayendetsa kale miyezi, kapena pa bedi ya chipatala.

Ine pa shedi yanga ndinayamba kachizolowezi kuyambira ngozi ija. Mnyamata watsopano akabweretsa njinga kuti ndimumangire tcheni, sindimubwezera kiyi asanamve zanga. Ndizilembe pano kuti muone kuti sizinthu za digiri, ndi zinthu zoti munthu angaphunzitsidwe masiku atatu mu Chinyanja pa ground iliyonse ya mu komboni.

Choyamba ndimagwira helmeti yake. Ambiri amaivala ngati chipewa cha dzuwa, lamba ali lende, ena yangokhala pamphumi kuti azitha kulowetsa foni kukhutu, ena yapachikidwa pa chigongono kudikira akaona yunifomu. Helmeti yosamanga imachoka mutu usanafike pansi, ndiye ili chimodzimodzi ndi kusavala. Lamba amangike mpaka pakati pa lamba ndi chibwano pangolowa zala ziwiri, ukapukusa mutu isamagwedere. Chipewa cha pulasitiki cha omanga nyumba si helmeti ya njinga, chija anachipangira njerwa yogwa kuchokera pamwamba osati mutu wokhulika pa tala. Ndipo helmeti yomwe inagundapo kale mwamphamvu yatha ntchito olo kunja ikuoneka bwino, chifukwa chomwe chimapulumutsa ubongo ndi chofewa choyera cha mkati chija, chikaphwanyika kamodzi sichibwereranso. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati helmeti yabwino yovala bwino imachepetsa kuvulala kwa ubongo mpaka 74 peresenti, ndipo omwewo amati ngozi za pamsewu ndizo zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 padziko lonse. Zaka zimenezo ndi za anyamata omwe ali pa njingazi.

Kenako mabuleki, apa ndiye ndimachedwapo chifukwa pali bodza lomwe lafala pakati pa anyamata loti buleki yakutsogolo siigwiridwa, ati imakuponya. Ndiye mumapeza mnyamata akuyenda ndi yakumbuyo yokha, nsapato za buleki yakumbuyo zatha mpaka chitsulo pomwe zakutsogolo zikadali zatsopano. Zoona zake nzakuti mphamvu yambiri yoimitsa njinga ili kutsogolo, chifukwa ukamaima kulemera konse kumathamangira pa tayala lakutsogolo. Choipa ndi kuibwandira kamodzi ngati ukugwira wakuba. Umayamba kufinya pang'ono, njinga ikhale kaye pa tayala lakutsogolo, kenako nkumawonjezera, phazi nalo likuponda yakumbuyo mofatsa, njinga ili chilili osati uli pakati pokhota. Munthu amene sanaigwirepo buleki yakutsogolo, tsiku lomwe mwana wadumphira mumsewu dzanja limaibwandira lokha ndi mantha, ndi zomwe zinachitika kwa mwana wa mlongo wanga. Zimenezi sizilowa ndi kumva, zimalowa ndi kubwereza, kakhumi, kamakumi awiri, pa malo opanda motoka, pa tala, pa fumbi, pa mchenga, uli wekha kenako utanyamula munthu, mpaka dzanja lizolowere. Ndimawauzanso za maso, njinga imapita komwe ukuyang'ana, ukayang'anitsitsa dzenje ulowa m'dzenjemo, yang'ana mpata womwe ukufuna kudutsa.

Sipidi nayo ndimawawerengera chifukwa manambala amawagwira mtima kuposa kukalipa. Pa sipidi ya makilomita 60 pa ola njinga imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Kuyang'ana mapu pa foni masekondi awiri chabe wadutsa mamita oposa 30 uli ngati wotseka maso. Ndipo sipidi ikawirikiza kawiri mtunda woti mabuleki akuimitse suwirikiza kawiri, umawirikiza kanayi. Foni ikalira ima pambali, kasitomala angakwiye koma chakudya chake chifika.

Manje za Lusaka yeniyeni, zomwe sizili m'buku lililonse. Minibasi ndi mphunzitsi wankhanza. Ngwangwazi akangokweza dzanja kapena kondakita akamenya chitseko, basi imakhotera kumanzere pomwepo, indiketa kapena ayi, ndipo chitseko chili mbali yomweyo, anthu amatsika osayang'ana kumbuyo. Ndiye pakati pa minibasi ndi m'mphepete mwa msewu si njira, olo mpata ukuoneka waukulu bwanji. Mathiraki a mu Lumumba Road, Mumbwa Road ndi Kafue Road ndi nkhani ina, thiraki yaitali ikafuna kukhotera kumanzere imayamba yatsegukira kumanja, mnyamata watsopano amaona ngati amupatsa njira nkulowa, kenako matayala a tirela amabwera kudzatseka. Ndimawauza kuti ngati suukuona nkhope ya dalaiva pa galasi lake, iyenso sakukuona, ndipo kwa iye kulibeko. Pa mphambano woopsa kwambiri ndi motoka yochokera kutsogolo yomwe ikufuna kukhotera kumanja kudula njira yako, dalaiva amayang'ana motoka zinzake, kanjinga maso ake amakadumpha, ndiye yatsa nyali olo masana, vala lifulekita, chepetsa sipidi, zala zikhale kale pa buleki, ndipo yang'ana matayala ake akutsogolo osati maso ake, matayala sanama. Pa Kabwe roundabout ndi Kafue roundabout wakumanja ndiye ayamba, koma osakhulupirira kuti aliyense akumbukira zimenezo. Marobot akazima ndi load shedding monga tinazunzikira madzi atachepa ku Kariba, wa njinga asakhale woyamba kulowa, pakuti pa kulimbirana kumeneko iye ndiye alibe chitsulo chomuzungulira.

Mvula ikayamba mu Novembala ndimakhala ndi ntchito yambiri yomwe sindiikondwera. Mvula yoyamba imanyamula oilo ndi fumbi zomwe zaunjikana pa tala miyezi yonse ya chilimwe, msewu umaterera ngati therere. Mizere ya penti, zivundikiro za chitsulo, njanji, zonsezo zikanyowa tayala siligwira. Madzi akadzaza ngati mmene zimakhalira ku Kanyama kapena kuzungulira Kulima Tower sudziwa pomwe tala yathera ndi pomwe ngalande yayambira. Mnyamata wobwera kuchokera kumudzi amadziwa matope, koma tala yonyowa saidziwa. Nanga zovala, patapata ndi kabudula pa njinga, akuluakulu, ndaonapo zala za kuphazi zitatsala mu tcheni. Nsapato yotseka, jinzi, jekete, magolovesi olo a salaula, chifukwa munthu akamagwa manja ndiwo amatsogola.

Katundu ndi pasenja ndingonena mwachidule. Matumba a unga a 25kg atatu kumbuyo kapena thumba la makala lopingasa limapepula tayala lakutsogolo ndipo njinga simveranso handulo. Anthu atatu, anayi pa njinga imodzi, mayi ndi khanda kumsana wopanda chilichonse kumutu, ana a sukulu atakhala pa thanki. Mnyamata wa mwezi umodzi asanyamule munthu konse. Ndipo kamowa ka m'mabotolo ang'onoang'ono koti ati kochotsa mphepo ya Juni mmawa, kameneko ndimakanunkhiza pa ena ndipo ndimawauza maso ndi maso kuti njinga ikhala pano mpaka mawa.

Ndiye pempho langa kwa inu a RTSA ndi ili, bweretsani maphunziro komwe kuli anyamata, ndipo abwere asanakwere osati atagwa. Masukulu ophunzitsa kuyendetsa ambiri omwe ndimawaona ndi a motoka, ndipo mnyamata amene akuvutika kupeza ya lendi ya kachipinda kamodzi sangapite. Highway Code yomwe ine ndili nayo ndi ya Chingerezi, pomwe ambiri mwa anyamatawa sukulu anasiyira panjira, amamva Chinyanja, Chibemba, Chitonga. ZNBC Radio 1 imaulutsa kale m'zilankhulo zisanu ndi ziwiri, mawayilesi a mu komboni alipo, anyamata onsewa ali pa WhatsApp ndi TikTok tsiku lonse, kavidiyo ka mphindi imodzi ka mmene umagwirira buleki kangafike patali kuposa chikwangwani cha pa Cairo Road. Koma wayilesi yokha siikwana, pafunika ma ground, makoni, njinga zophunzirira ndi aphunzitsi, ndipo mayeso a laisensi azitha kuchitikira pomwepo pamapeto. Ndalama ya CDF, ya chitukuko cha m'madera, inakwera kufika K25.7 miliyoni pa constituency mu 2022 ndipo yakhala ikukwera, mkati mwake muli gawo la maphunziro a ntchito zamanja. Ngati tikulipirira achinyamata kuphunzira ukalipentala ndi kusoka, bwanji osalipirira maphunziro a ntchito yomwe aiyamba kale ndipo ikuwathyola miyendo? A makhansala ndi a MP a Munali, Kanyama, Mandevu, Matero, Chawama, nkhani iyi ndi yanunso.

Chachiwiri, musamangoyang'ana amene wakwera, yang'anani mwini njinga. Mnyamata sathamanga chifukwa amadana ndi moyo wake, amathamanga chifukwa madzulo abwana akufuna kashing'i yawo yokwana, petulo ndi yake, tayala likaphulika ndi lake, oda ikachedwa amudula. Munthu wogula njinga zisanu nkuzipereka kwa anyamata opanda laisensi, opanda inshuwalansi ya third party yomwe lamulo limafuna, matayala osalala ngati mbale, ameneyo ngozi ikachitika amangobwera kudzatenga njinga yake, ena amafunsa za njinga asanafunse za munthu. Chilango chizifika kwa iye. Makampani a delivery nawo asalembe munthu pa app asanaone laisensi yoyenera njingayo, ndipo nthawi yomwe amapereka yofikitsira katundu ikhale yoti munthu angaikwanitse osadumpha robot yofiira. Ogulitsa njinga asatulutse njinga pa shopu popanda mahelmeti awiri. Ku Kigali wa njinga aliyense amayenda ndi helmeti yachiwiri ya pasenja ndi jekete ya nambala, ndi anthu ngati ife tomwe, anangogwirizana nkulimbikira.

Za mahelmeti ndipemphenso a ZCSA ndi a ZABS, mabungwe oona za miyezo ya katundu. Mumsika muli mahelmeti ena opepuka ngati chikho, ukafinya ndi manja awiri amapindika, mkati mulibe kanthu koma kansalu. Mnyamata amagula imeneyo chifukwa ndiyo yotchipa ndipo amayenda mtima uli m'malo kuti watetezeka. Yabwino imakhala ndi chizindikiro cha muyezo ngati ECE 22.05 kapena 22.06 chosokedwa pa lamba, koma ndani anawauza zoyang'ana zimenezo? Zabodzazo zitsekeredwe pa boda, ndipo a Nduna kambiranani ndi anzanu a zachuma kuti msonkho pa helmeti yeniyeni utsike, chifukwa bedi imodzi ya munthu wovulala mutu ku chipatala cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa imadyera boma ndalama zoposa mahelmeti ambirimbiri.

Kwa a traffic, ndikudziwa ntchito yanu ndi yowawa, tsiku lonse padzuwa ndi utsi, ndipo ndinu amene mumatola anthu pamsewu ife tikugona. Pempho langa nlakuti mnyamata akathawa rodibuloko asathamangitsidwe, lembani nambala. Wopanda mapepala akaona yunifomu amatembenuka pomwepo kulowa mbali yolakwika ya msewu kapena kudumphira mu tinjira ta mu komboni momwe ana akusewera, mantha ndi kusadziwa zikaphatikizana pamafa munthu wosalakwa. Ndipo wogwidwa koyamba wopanda laisensi, mmalo mwa faindi yokha yomwe amakongola nkubwerera pamsewu ali mbuli chimodzimodzi, bwanji njinga isungidwe mpaka abweretse pepala loti wamaliza maphunziro aja? Kuwongola mtengo mpoyamba.

A khansolo, dzenje lomwe kwa wa Hilux ndi kagwedezeko chabe kwa wa njinga ndi maliro. Mchenga womwe mvula imasiya m'mbali mwa misewu ndi pa makona uzisesedwa, ngalande zivundikiridwe, mahampu apakidwe penti chifukwa usiku magetsi a mumsewu akazima hampu yakuda pa tala yakuda siioneka. Mafulayiova a Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres anathandiza motoka kuyenda, tikuyamikira, koma motoka zikamathamanga kwambiri wa njinga ndi woyenda pansi ndiye amafunika kuganiziridwa mwapadera. Madalaiva a motoka nawonso pa mayeso awo afunsidwe za njinga, kuyang'ana pa galasi asanatsegule chitseko, kupatsa njinga malo ake onse mu leni osati kuikankhira ku mchenga ndi hutala.

Pali chinanso chomwe chimandipweteka ndikakumbukira tsiku lija. Anthu abwino mtima anathamangira kumuthandiza, anamunyamula wina manja wina miyendo mutu uli lende nkumuponya kumbuyo kwa vani, wina ankafuna kumumwetsa madzi ali chikomokere. Anachita mwa chikondi koma adokotala anatiuza kuti kunyamula kotere kumatha kumaliza munthu amene khosi lathyoka. Anthu aphunzitsidwe kuti wogwa pa njinga sakokedwa pokhapokha ali poti agundidwanso, helmeti simuvula ngati akupuma bwino, mutu ndi khosi zigwiridwe zisagwedezeke, pomwe pakutuluka magazi pakanikizidwe ndi nsalu, osamupatsa madzi kapena chakudya, ndipo wina aimbe 991 kapena 992 mmalo moyamba kujambula vidiyo. Anyamata a njinga eni ake ndiwo amafika msanga pa ngozi iliyonse mu tauni muno, mukawaphunzitsa thandizo loyamba mwaika othandiza pa kona iliyonse.

Sindikupempha kuti muletse njinga. Njinga ikudyetsa mabanja, ikufika komwe minibasi siifika, ikufikitsa mankhwala ndi chakudya pomwe Great East Road yaima chilili, ndipo inenso ana anga aphunzira ndi ndalama ya njinga. Ife amakanika ndi okwera akale tilipo ambiri ku Mtendere, Kalingalinga, Garden, Chibolya, tikudziwana, ndipo ambiri tingaphunzitse mwaulere Loweruka mukangotipatsa malo ovomerezeka, mphunzitsi mmodzi wa RTSA woti atiwongole pomwe ifenso tinazolowera molakwika, ndi pepala loti mnyamata akamaliza likhale ndi tanthauzo pa ofesi yanu. Panopa ndimachita ndi mabotolo a madzi odzaza mchenga mmalo mwa makoni, anyamata anayi kapena asanu pa kabwalo ka kuseri kwa shedi, ndipo mwana wa mlongo wanga amakhala pa benchi ndi ndodo zake, ndi amene amayendera aliyense kukoka lamba wa helmeti asanalize injini. Tumizani munthu mmodzi Loweruka likubwerali adzaone, timayamba 7 koloko mmawa.

Ine wanu,
Makanika wa njinga zamoto, Mtendere, Lusaka